Phazi Limene Linakanda Chikopa Chofiira

Matero, Lusaka
Lamlungu masana

Esinala mwana wanga,

Magetsi athima kuyambira tili ku tchalitchi, makina ali zii, ndiye ndati m'malo mongokhala n'kumayang'ana sutikesi yako, ndikulembere. Ndikadakuuza ndi pakamwa, koma ndimadzidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimakalipa, ndipo iwe umayamba zako zija zoti “ndamva amayi, ndamva,” maso ali pakhomo. Kalatayi ndiika m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mapazi a makina. Usaitsegule pa siteshoni pali anzako, ukaiwerenge sitima ikadutsa Kabwe.

Mawa ukupita ku Kitwe kukagwira ntchito m'shopu ya mlongo wako Yotamu, amene sanapondemo m'nyumba muno zaka zisanu ndi chimodzi. Kalata yokuitana analembera iwe, ndipo ine mulibemo ngakhale pa moni. Ndinaona, usayese kuti sindinaone. Iwe wakula ukudziwa kuti anachoka chifukwa anaononga chikopa cha eni ake n'kukana kudzudzulidwa. Ndi zimene ndinakuuza, ndipo si zoona. Ndifika pamenepo. Ndikufuna mwana wanga adzalowenso pakhomo pano ndikadali ndi maso, ndipo wonditengera mawu ndiwe. Koma ndiyambe za ntchito, chifukwa ukakafika kumeneko uli mbuli udzandichititsa manyazi, komanso nkhani ya mlongo wako sungaimve usanamve nkhani ya phazi.

Yotamu walemba kuti wagula makina opalira chikopa, aja timati sikaiva, kwa mzungu amene akubwerera kwawo, koma abwera ndi phazi limodzi lokha, lotambalala. Ntchito ya makinawa ukuidziwa: kupala chikopa kunsi kwake, m'mphepete, kuti papyapyale, papindike bwino, msoko usatupe. Zogwira ntchitoyo ndi zitatu. Mpeni wozungulira uja wonga kapu umadula, gudumu la pansi limakoka chikopa, ndipo phazi, kachitsulo kopanikiza chikopa kuchokera pamwamba, ndilo limalamula kuti mpeni udye pati ndipo udye motani. Anthu amatama mpeni, koma mpeni ndi wopusa, umadya chimene waupatsa. Phazi likakhala lotambalala upala motambalala, likapendekeka upala mopendekeka. Ndipo usaiwale kuti phazi limaponda kunkhope kwa chikopa, kumene mwini chikwama azidzayang'ana tsiku ndi tsiku. M'chitinimo ndaikamo mapazi anayi.

Laling'ono lija, lopapatiza ngati kachala ka mwana, ndi la m'makona ndi timalamba. Ine ndinalidziwa mochedwa. Nditangolowa ntchito ku fakitale ya nsapato, ufulu utangobwera kumene, Yotamu akadali woyamwa, anandipatsa zidutswa za nsapato za ana, zokhota kwambiri kumphuno. Makina ndinawapeza ali ndi phazi lotambalala, ine n'kungoyambapo. Pakona chikopa chinkakana kukhota, ndikachikakamiza mpeni n'kuchiboola. Kufunsa ndinkaopa, poti akazi tinali owerengeka ndipo amuna ankangodikira kuti tilephere. Zidutswa zoonongeka ndinkazibisa m'chitenje n'kukaziponya m'chimbudzi. Tsiku lachitatu ba Kasonde, nkhalamba ija ya ku Kanyama imatikonzera makina, nthawi imeneyo ali makanika wa fakitale, anaima kumbuyo kwanga, nandiitana ndi dzina la mwana wanga monga amachitira kuno, nati, “Bana Yotamu, chimbuzi chizazula na nsapato. Chosani iyo phazi ikulu, ikani iyi.” Atandisinthira, chikopa chinayamba kukhota chokha. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu kutentha. Safunsa anadya phula, Esinala. Ukaona chikopa chikukana usalimbane nacho. Imitsa makina, uyang'ane phazi, ndipo ngati sukudziwa ufunse mlongo wako.

Lachiwiri, lalifupi losalala, ndi la zikopa zofewa, za mbuzi ndi nkhosa. Limeneli ndinaliphunzirira pa Mabaibulo. Fakitale itatseka chigawo chathu chifukwa zipangizo sizinkabweranso kuchokera kunja, ndinapempha kuti andisiyire makina awa, n'kudzawaika m'kashopu kathu ka pamsika. Ntchito yoyamba inali zikuto za Mabaibulo za amayi a ku tchalitchi kwathu, za chikopa cha mbuzi. Ndinatola kachidutswa ka ng'ombe kamene kanali pansi, ndinayeserapo, ndaona kuti zili bwino, n'kulowetsa cha mbuzi. Mayo ine! Chinatambasuka, chinakwinyika, mpeni n'kusiya timabowo ngati chadyedwa ndi njenjete. Ine ndi nzeru zanga ndinati phazi silikugwira, n'kulitsitsanso, chonsecho kutsitsa phazi ndiko kuuza mpeni kuti udye kwambiri. Chikopa chofewa chimafuna phazi lalifupi losachikoka, ndi mpeni wonoledwa kumene. Ndipo tamvera apa: yamba wayesa pa kachidutswa, koma kachidutswako kakhale ka chikopa chomwecho, malo omwewo. Cha pamimba chimatamuka, cha pamsana n'cholimba, ngakhale mbuzi ndi imodzi. Amayi a ku tchalitchi anandikhululukira poti kukhululuka ndi ntchito yawo. Wa sitolo sadzakukhululukira, ndiye uziyamba wayesa.

Lachikasu lija si la kunja ayi. Ndi la mkuwa, ba Kasonde analisema ndi tupa kuchokera ku mpopi wakale, zaka zija malire a kum'mwera anali otseka, sitolo zonse zopanda ngakhale kabawuti. Lili ndi kamsana pansi pake, ndiye limakumba kanjira pakati pa chikopa pamene ukufuna kupinda, monga pa kachikwama ka m'thumba. Ndinawaonerera akusema masana amodzi, ndinati aa, ndi zomwezi? Ndinabwerera kuno, ndinatenga phazi labwinobwino la kunja n'kuyamba kulipala ndi tupa kuti ndipange langa. Ndinalipala mowongoka ngati tebulo, osadziwa kuti pansi pa phazi pamayenera kukhota motsata mpeni. Linkapanikiza pakati, m'mbali n'kumasiya. Ndi chitsulo chija timapsinjira mapepala a mapatani kuti asauluke. Tsopano wadziwa kumene chinachokera. Usadzaseme phazi limene uli nalo chifukwa cha ntchito imodzi. Ndipo ukamaika phazi lililonse, thimitsa makina, uwerame, usuzumire pakati pa phazi ndi mpeni. Kuwala kooneka pamenepo kukhale monga ukufunira, ndipo ziwirizo zisagundane ngakhale pang'ono. Chitenje chako uzichimanga bwino, lamba wa makina sadziwa kuti ndiwe mlongo wa mwini shopu.

Latsala lokulunga m'kansalu koyera. Limenelo ndi la kagudumu. Silikhwekhwereza pachikopa, limagubuduka, ndiye silisiya mzere. Ndi la zikopa zonyezimira, zija munthu amadzionerapo nkhope. Chikopa chotere usadzachilowetse pansi pa phazi wamba lachitsulo, ngakhale mwini ntchito akuimire pakhosi. Iwe sunalionepo likugwira ntchito, chifukwa lakhala m'bokosi langa la kuchipinda, pansi pa zitenje, kiyi ali m'chiuno mwanga. Ndinkati likatha kapena likabedwa, lina ndidzalipeza kuti m'dziko muno, momwe ngakhale sopo timachita kuimira pa laini? Ndinaliumira kotero kuti tsiku limene linafunika linali kunyumba.

Inali sabata ina imene saladi, mafuta ophikira aja, anasowa m'makomboni monse. Lolemba ndinatsitsa phazi lotambalala mopitirira muyezo, makina akuyenda, n'kugunda mpeni: kwee! timoto n'kuthetheka. Mpeni ndinaunola, koma phazi sindinaliyang'ane. Zikopa za ng'ombe za zikwama za sukulu sizionetsa kanthu, ndiye ndinaiwalako. Lachinayi kunabwera mayi wina wa sitolo ya zovala za ukwati ku Kamwala, atanyamula chikopa chofiira chonyezimira chimene anachita kubwera nacho yekha kuchokera kunja m'sutikesi. Ankafuna tizikwama ta operekeza mkwatibwi, Loweruka lomwelo. Tinadula zidutswa ine ndi Yotamu, ndinatchera makina, kenaka kunamveka mfuu yoti saladi wafika kusitolo ya boma. Msika wonse unanyamuka, ine n'kutola botolo langa.

Yotamu anapala chidutswa chimodzi n'kundiitana ndili kale pakhomo. Anati, “Amayi, phazi ili likusiya mzere. Ndipatseni kiyi ndithamangire kunyumba ndikatenge la kagudumu.” Ndinayang'ana mongodutsa, mtima uli pa laini imene inali ikutalika. Ndinati, “Zimenezo zichoka ndi polishi. Usakhudze phazi langa. Pala zonse, ndikupeze watha.” Ukudziwa mmene ndinakulererani nonse awiri: makina ndikatchera ine, palibe woikapo dzanja. Mwamuna wa zaka makumi awiri, maso akuthwa kuposa anga, anandimvera. Anapala zonse.

Mayi uja anafika dzuwa litapendeka kudzaona mmene ntchito ikuyendera, ine nditangobwera ndi botolo langa. Anatola chidutswa n'kutuluka nacho panja powala. Kamzere kotuwa kanali m'mphepete monse, kutali ndi popinda, ndipo chidutswa chilichonse chinali chomwecho. Polishi wake uti? Anakuwa mpaka atelala ndi ogulitsa makala onse a mbali yathu anasonkhana pakhomo. “Ni ndani wachita ivi? Nifuna nimuone!” Ine ndinaganiza za dzina langa, ndinaganiza zoti a masitolo a ku Kamwala amauzana. Ndinaloza mwana wanga. Ndinati makina ndinawasiya ali bwino, iye ndiye wasintha phazi ine kulibe, ana a masiku ano samva.

Yotamu sananditsutse pamaso pa mlendo. Ndinamulera bwino, ndipo ulemu wake womwewo ndi umene ndinabisalamo. Anangoti chapansipansi, “Amayi, paja ndinakuuzani.” Ine pomva choncho ndinakweza mawu kuti ake asamveke. Ndinati, “Ukundiyankha? Manja akowo ndi oumbira njerwa, osati chikopa. Choka pa makina anga!” Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaiika pampando n'kutuluka pakati pa anthu. Kunyumba sanadye. Patapita masiku anayi anakwera sitima, iwe uli kusukulu. M'mawa mwake ndinapititsa chikhadabo pansi pa phazi lija, n'kumva kachitsulo kakuthwa kamene mpeni unatukula tsiku la Lolemba lija. Kanali kochepa ngati kamchenga. Ndinakasalaza ndi sandipepa, sizinatenge nthawi, ndipo sindinauze munthu.

Ndiye m'mawa uliwonse, usanayatse makina, uzipititsa chikhadabo pansi pa phazi. Maso amanama, makamaka m'mashopu athu amdima awa, koma chikhadabo chikakola ndiye kuti chikopa chikandika. Ndipo wina akakuuza kuti phazi likusiya mzere, akhale wamkulu, akhale wobwera dzulo, uimitse ntchito upite nacho chidutswacho padzuwa. Ndabwereza kawiri dala, chifukwa ndimakudziwa, changu chako ndi changa chomwe.

Zikadathera pamenepo mwina ndikadafa nazo. Koma pamsika nkhani siikalamba. Mpaka lero telala akadula nsalu molakwika, anzake amati “wachita chiYotamu.” Amanena ngakhale amene sanamuonepo nkhope. Mwezi watha iwe wemwe, utasokera zipi chozondoka, unaseka n'kuti, “Amayi, ndachita chiYotamu.” Ndinatembenukira ku makina, ndipo unayesa kuti ndakwiyira zipiyo. Sindinakwiye. Ndinamva kupweteka kumene sindinamvepo chimwalirire bambo ako, chifukwa mawu amenewo ndinakuika m'kamwa ndine.

Lachisanu, pamene unapita kukagula tikiti, ndinatseka shopu n'kuyenda mbali yathu yonse, tebulo ndi tebulo. Aliyense ndinamuuza zofanana: chikopa chofiira chija anaononga ndine, Yotamu anandichenjeza, ine ndinamunamizira. Ena anaseka, kuyesa kuti ndikucheza. Mayi wa makala anati, “Ivo ni vakudala, visiyeni.” Ndinamuyankha kuti n'zakale bwanji pamene dzulo lomweli ndamumva iye yemwe akutchula dzina la mwana wanga pa thumba lobooka? Anabwerera ku makala ake. Ndinakwera basi mpaka ku Kamwala. Mayi wa sitolo uja wakalamba, anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo za chikopa chofiira sanakumbuke n'komwe. Anandipatsa mpando, ine ndinanena zanga ndili chiimire n'kubwerako.

Dzulo ndinapita ku Kanyama kwa ba Kasonde kuti andionere mapazi anayiwa asanayende ulendo. Maso awo afooka, amaona ndi zala. Analigubuduza la kagudumu pachikhatho, anathiramo kadontho ka oilo, ine ndili kufotokoza nkhani yanga. Nditamaliza anati, “Ine nenze naziba kudala, bana Yotamu. Uja mwana nine ninamupunzisa, sangaike phazi yolakwika. Nenze kuyembekeza chabe kuti mukambe mweka.” Zaka zisanu ndi chimodzi nkhalamba imeneyi yakhala ikumwa tiyi wanga ikudziwa. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinangokulunga mapazi anga n'kutsanzika.

Zina zotsala n'zazing'ono. Khadi la chipani uliike m'thumba la mkati, kumisika ya kumeneko amafunsanso pachipata. Mkazi wa mlongo wako sindikumudziwa, akuti ndi wa ku Mansa. Ukalowa m'khitchini mwake ukhale ngati mlendo mpaka akuuze yekha kuti ndiwe wa pakhomo. Chibemba chako cha pamsika chija usakachinyadire, akakuseka. M'shopu Yotamu ndi bwana wako, usakayambe zija zoti “amayi amachita chonchi.” Amayi ako wawamva mmene amachitira. Mapazi ukawasunge pafupi ndi makina, pakhoma, pamene dzanja lifika munthu ali chikhalire. Usakawatsekere m'bokosi.

Tsopano za kalatayi. Ukafika umupatse chitini, aone mapazi, ayese pa makina ake. Tsiku loyamba usanene kanthu. Kenaka upeze nthawi ali yekha, popanda mkazi wake kapena antchito, umupatse tsamba lomalizali. Usakandipepesere, usakandikometse, usakanene kuti amayi akalamba kapena akudwala, chifukwa sindikudwala ndipo sindikufuna abwere ndi chisoni. Akawerenga n'kung'amba, undilembere kuti wang'amba. Akangopinda n'kubwerera pa makina osanena kanthu, undilembere zomwezo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipirira. Iwenso ngati wandikwiyira chifukwa chokunamiza zaka zonsezi, kwiya, uli ndi chifukwa. Uyende bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Apa pakutsatirapa si pako, ndi pa mlongo wako.

Yotamu, ngati wafika pano ukuwerenga, ndine amako. Sunasinthe phazi. Unaona mzere, unandiuza, ndinakumana kiyi, ndipo mlendo atafunsa ndinakunamizira ndikudziwa chimene ndikuchita. Wolakwa ndine. Ndanena pamsika ponse, tsopano ndikunena kwa iwe: pepa, mwana wanga. Sindikukulamula kuti ubwere, ndinakulamula zokwana. Ndakutchula dzina ngati kamnyamata, chonsecho ndiwe bambo wa pabanja woyenera kuitanidwa ndi dzina la mwana wako. Ndamva kwa anthu apaulendo kuti uli ndi mwana wamkazi, ndipo wayamba kuyenda. Ine agogo ake sindikudziwa kuti dzina lake ndani. Ngati zina zonse zikukukanika, unditumizireko dzina lokhalo.

Ndine mayi wanu nonse awiri,
Tisauke